Malaya Opanda Kolala

Pasipoti anali munthu woti akalowa m'chipinda, mpweya umachepa. Dzinalo anam'patsa anzake a ntchito, chifukwa chiphaso chake cha maulendo sichinkachoka m'thumba la pachifuwa, ngakhale popita kukagula mchere. Ndipo kunena zoona, mwamunayo anayenda. Anakhoma malata m'mizinda ya kumapiri komwe kuzizira kumamatitsa msomali kuchala, anakhoma kumadoko komwe dzimbiri limadya denga mwini nyumba asanalowemo, anagonapo pansi pa malole ndiponso m'mahotela oti chimbudzi chake munthu ungadyeremo. Anachoka kwawo ndi hamala yobwereka, anabwerako ndi galimoto, gulu lake la amisiri, ndi mimba yoti lamba ankachita kuichonderera.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankamuchepetsa, ndipo ameneyo anali Mphaka. Mphaka ndiye anam'phunzitsa ntchito, kale onse awiri akadali ndi tsitsi lodzaza mutu, ndipo ankangotchulana achimwene ndi mphwanga. Iye sanapiteko kulikonse, malire a dziko ankangowamva kwa anzake, koma pamwamba pa nyumba panalibe womuyandikira. Ankayenda pamtanda wopyapyala manja ali m'thumba, misomali ili kukamwa, akung'ung'udza nyimbo. Atsikana ankazungulira njira yaitali kuti adutse pomwe iye akukhoma. Mmodzi wa atsikanawo anali telala wamng'ono wa maso aakulu, amene pambuyo pake anakwatiwa ndi Pasipoti n'kumuberekera mapasa. Pasipoti nkhaniyo ankaidziwa, ndipo inam'khala ngati kamwala m'nsapato zaka zonsezo.

Koma mowa suopa mmisiri. Unayamba ndi Loweruka, n'kulanda Lamulungu, kenako unatenga sabata yonse. Mkazi wa Mphaka anamanga mapoto ake n'kupita, ana anam'tsatira, ndipo iye anatsala m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya matabwa, momwe munali mphasa, chitini cha madzi, ndi timabotolo tondanda m'mbali mwa khoma ngati tikudikira basi. Kudya anasiya. Akati wadya, ndiye kuti wanyika kabuledi m'madzi a shuga. Pasipoti, amene tsopano anali bwana wake, sanamuchotse ntchito. Anthu ankati n'chifundo, ndipo mwina chinalipo, koma chomwe chinkamukomera kwambiri chinali kumuloza pamaso pa eni nyumba n'kunena kuti, "Mwamuona mdala uyo? Ndiye anandigwiritsa hamala koyamba. Lero amadya m'manja mwanga."

Itafika nyengo yotentha, khungu la Mphaka linayamba kusintha. Kuseri kwa manja kunada bii, n'kuyamba kusweka ngati penti yakale. Pamwamba pa mapazi, pomwe patapata sankaphimba, panachitanso chimodzimodzi. Chodabwitsa chinali khosi: chikhungu chakuda, chokakala, chinazungulira bwinobwino n'kutsikira pachifuwa, ngati wina wamuveka mkanda. Lilime linafiira psuu, ndipo pantchito ankangokhalira kutsika makwerero kuthamangira kuchimbudzi. Amisiri anzake anangoti malata amuwotcha, nanga si wokhoma denga aliyense amapsa.

Tsiku lina Pasipoti anabwerera kunyumba dzuwa likadalipo. Mkazi wake, amene aliyense ankamutcha Make Mapasa, anali atapita kukatenga ana kusukulu, ndipo pamakina ake osokera, pakhonde, panali malaya atsopano. Anali abuluu, a manja aatali, nsalu yofewa ngati khutu la kamwana ka mbuzi, koma analibe kolala. M'khosi anangopindamo kansalu kosalala. Pasipoti anamwetulira. Malaya otere anawaonapo atavala akuluakulu a makampani kutsidya kwa nyanja, ndipo anati mumtima, mkaziyu tsopano wayamba kuzindikira mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye. Anavula ake n'kulowetsa dzanja. Dzanja linathera pachigongono. Atakakamiza linalo, msoko wina unalira.

Mkazi anam'peza ali chomwecho, mimba ili pamtunda, manja atamangika kumbuyo ngati nkhuku yopita kumsika.

"Vulani, Bambo a Mapasa, mung'amba. Si anu amenewo."

"Si anga. Nanga m'nyumba muno muli mwamuna wina wa chiuno cha mavu?"

"Ndi a alamu, a Mphaka. Kolala ikumawapweteka pakhosi paja. Akumayenda atakunga mutu ngati asenza ndowa."

"Anakupempha?"

"Munthu mpaka achite kupempha? Ndinawaona."

"Nanga muyeso unautenga kuti?"

"Ndinawayeza. Ndikanalota?"

Pasipoti anachiona chinthucho m'maso mwake ngati chikuchitika pakhonde pomwepo: tepi ikuzungulira khosi la Mphaka, zala za mkazi wake zikukumana pansi pa chibwano, mutu wake utawerama pafupi. Anadzisolola m'malayamo n'kuwaponya pamakina.

Make Mapasa anawatola, n'kuyamba kufunafuna msoko womwe unalira. "Ndipo pali china ndaona. Zilonda zija zikuthera pomwe malaya ayambira. Pomwe pali nsalu khungu lili bwinobwino, losalala ngati la mwana. Ine ndikuti musamawakweze padzuwa, apite kuchipatala. Komanso munthu uja sakudya. Ndakhala ndikuwapititsira timazira ndi mkaka masana, koma akungolawa."

Pa mawu onsewo, makutu a Pasipoti anatolapo ochepa okha.

"Losalala ngati la mwana," anatero pang'onopang'ono. "Za m'kati mwa malaya a mwamuna wazidziwa bwanji?"

"Ndine telala."

"Ndi mazira anganso. Nkhuku ndigule ine, tambala akhale wina."

"Mulibe manyazi? Munthu akutha uyo."

"Akutha ndi mowa. Ine ndaona zidakwa m'maiko oti iwe sungathe n'kuwatchula komwe, ndipo palibe chomwe chinachira ndi malaya abuluu."

Mkazi anamufulatira. Anakhala pampando, n'kuponda makina, ndipo phokoso lake linatseka nkhani.

M'mawa mwake Mphaka anafika pantchito atawavala. Gululo linali likukhoma denga la nyumba yaikulu yosungiramo katundu, yaitali moti munthu ali pamwamba ankaoneka ngati khwangwala. Chopweteka n'chakuti malayawo anamukhala. Munthu wowonda ngati ndodo, wonunkha mowa wa dzulo, manja ali njenjenje, koma atangolowa pageti amisiri anaimba mluzu. "Mdala watchena. Kodi kuli ukwati?" Mphaka anaseka, n'kuwongola mapewa, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati mnyamata uja wa pamtanda.

Tsono gulu la Pasipoti linali ndi chikhulupiriro chake chakale, chakuti mowa umatuluka ndi thukuta. Mnzawo akabwera ndi matsire sankam'patsa mthunzi. Ankamuvula malaya n'kumukweza pamwamba kuti dzuwa ndi malata zimufinye mpaka ayere m'maso. Onse anali atadutsamo, onse ankalumbira kuti zimathandiza, ndipo amene anayambitsa mwambowo m'gulumo anali Mphaka yemweyo, kale akadali wolamula. Choncho pamene Pasipoti ankatsegula pakamwa, ankatha kudziuza kuti akuchiza mnzake.

"Achimwene, malaya a ukwatiwo vulani. Kuyambira lero muzikhala pamsonga penipeni, mpaka mowawo uthe m'thupimo."

Mphaka anayang'ana kumwamba, n'kutsinzina. "Dzuwa likumandiluma masiku ano, mphwanga. Alamu anati ndizibisa khungu."

"Alamu anu amadziwa za singano. Za denga timadziwa ife."

Mphaka anavula. Anawapinda malayawo bwinobwino, manja m'kati, n'kuwaika pathabwa loyera, n'kutsindikapo kamwala kuti mphepo isawaulutse. Kupindako n'komwe kunamulasa Pasipoti kuposa zonse. Iye malaya omwe mkazi wake ankamusokera ankangowaponya pampando. Anapita kwa mlonda wa pageti n'kumuuza kuti mayi aliyense wobwera ndi chakudya azibwerera pomwepo, pamalo pano si pa lesitilanti.

Masiku anadutsa otentha okhaokha. Msana wa Mphaka unafiira, kenako unatuluka matuza, kenako unada ngati khosi lija. Amisiri anayamba kunong'onezana. Ankamupeza akukhoma msomali pomwe palibe mtanda, kapena atakhala duu, hamala ili m'manja, akuifunsa kuti ndi ya ndani. Wina atanena kuti bwana, mdalayu atsike, Pasipoti anati umenewo ndiye mowa ukutuluka, ukamatuluka umasokosa. Kunyumba mkazi wake ankamuikira chakudya patebulo n'kubwerera kumakina. Iye ankadya yekha, akumvetsera makinawo, akudzifunsa kuti tsopano akusokera ndani.

Linali dzuwa la paliwombo pamene phokoso la mahamala linangoti zii. Pasipoti anali pansi, akufotokozera mwini nyumba mmene amakhomera madenga m'maiko ozizira. Atakweza maso anaona Mphaka ataimirira pamsonga pa denga, manja ali m'thumba, akuyenda pang'onopang'ono kulowera kumapeto, komwe kunalibe kanthu koma mphepo ndi simenti pansi. Ankang'ung'udza nyimbo. Amisiri anali m'munsi mwa denga, ndipo wina aliyense akasuntha, Mphaka ankafulumiza mapazi ngati mwana wothawa kusamba.

"Musamuthamangire," anatero Pasipoti. Anadzidzimuka ali kale pamakwerero.

Panali patapita zaka asanakwere. Makwerero anadandaula, mimba inkagunda sitepe iliyonse, ndipo atagwira malata, zikhatho zinapsa ngati wagwira chiwaya. Munthu amene anakhoma nsanja za kumadoko anakwawa ndi mawondo ngati khanda, thukuta likulowa m'maso, mpaka anafika pamsonga. Mphaka anali patsogolo pake, msana wakuda uja uli poyera, phazi limodzi litatsala pang'ono kupeza mapeto.

"Achimwene."

Mphaka anacheuka. Maso ake anadutsa pa Pasipoti ngati akuyang'ana mlendo pamsewu.

"Ndiwe ndani, iwe?"

"Ndine mphwanu. Bwererani kuno, tikamwe madzi."

"Ndachedwa. Ndikupita kwa telala uja wa pakona, wa maso aakulu. Amatseka msanga." Analoza kutsogolo, kumphepo. "Si apo? Akusoka pakhonde."

Pasipoti anamva ngati wina wamuthira madzi otentha m'chifuwa. Ndiye zinali zoona. Mutu wa munthuyu unali utataya dzina la mphwake, utataya hamala, utataya pansi ndi pamwamba, koma khonde lija unalisunga. Anayesa zina. Anati abwana akuitana, Mphaka anati adikire. Anati kuli botolo pansi, lozizira, Mphaka anagwedeza mutu n'kutembenukiranso kumapeto. Zidendene zake zinali pamalata, zala zili panja.

Panatsala nyambo imodzi, ndipo inali yowawa kuitulutsa pakamwa.

"Telalayo sali uko," anatero Pasipoti. "Wabwera kuno. Ali pansi pa makwerero, kumbuyo kwangaku. Akudikira inu."

Mphaka anaima. "Wabwera yekha?"

"Yekha."

"Wanditchula dzina?"

Pasipoti anatsinzina. "Wakutchulani. Akuti mufulumire."

Nkhope ya Mphaka inawala ngati ya mwana. Anatembenuka pamsongapo mosavuta, mwaluso lija lomwe ngakhale matenda sanalipeze, n'kuyenda molunjika kwa Pasipoti akukonza tsitsi lomwe analibe. Atafika pafupi, Pasipoti anamukumbatira miyendo n'kugwa naye pamalata. Munthuyo anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Amisiri anabwera ndi zingwe, ndipo njira yonse yotsika Mphaka ankafunsa kuti telalayo ali kuti, ali kuti.

Kuchipatala anawalandira dokotala wina, mayi wamfupi wa magalasi. Anayang'ana khosi, manja, mapazi, n'kumutulutsitsa lilime. Make Mapasa anali atafika, ataima pafupi ndi chitseko, ulusi ukadali pa diresi.

"Amamwa?" anafunsa dokotala.

"Ngati mchenga," anatero Pasipoti.

"Amadya?"

Dokotala anayang'ana nthiti za wodwalayo n'kupitiriza yekha.

"Matendawa ndi pelagira. Amabwera thupi likasowa vitamini wotchedwa nayasini, amene timam'peza mu nyama, nsomba, mtedza ndi zakudya zina. Munthu womwa chonchi sadya, ndipo pang'ono pomwe wadyapo m'mimba simugwira. Khungu limapsa paliponse pomwe dzuwa lafika, m'mimba mumatseguka, kenako mutu umasokonezeka. Mukanachedwa, mukanamuika m'manda. Tim'patsa mankhwala, ndipo mowawo timusiyitsa ife pang'onopang'ono, chifukwa kuudula kamodzi n'koopsanso." Anamutembenuza wodwalayo n'kukweza magalasi. "Koma msanawu sindikuumvetsa. Kawirikawiri timaona khosi, manja ndi mapazi. Uyu wapsa msana wonse. Ankayenda wosavala?"

Pasipoti anakweza maso kumwamba. "Siling'i yanuyi anakukhomerani ndani, adokotala? Pakona apo padzadontha."

Dokotala anamuyang'ana, n'kuyang'ana mkazi uja wa pachitseko, n'kupitiriza kulemba.

Panja, pabenchi la m'khonde la chipatala, awiriwo anakhala motalikirana, pakati pawo pali malo oti munthu wina n'kukhalapo.

"Munawavula," anatero Make Mapasa.

"Ndi mmene timachitira. Anayambitsa ndi iwo omwe."

"Ndipo mlonda anandibweza ndi mbale m'manja, anthu akuona."

Pasipoti anayang'ana zikhatho zake, zomwe zinali zitatuluka matuza. "Pamwamba paja amapita kwa iwe. Ine sanandidziwe. Botolo analikana. Ndinachita kunena kuti iwe uli pansi ukumudikira, ndi pomwe anabwerera."

Mkazi anam'cheukira. "Ndiye munanena zimenezo? Ndi pakamwa panu?"

"Unkamukonda?"

"Ndani sankawakonda? Msewu wonse unkawakonda. Inuyo munkayenda ngati iwo, chipewa munkachipendeketsa ngati iwo, mpaka kutsokomola komwe munkatsanzira. Ine ndinkangoima pansi n'kuyang'ana. Inu ndiye munawatsatira mpaka kumwamba."

"Sunandiyankhe."

"Ndinakwatiwa ndi ndani? Ana aja mphuno zija anazitenga kwa ndani, zoti chipewa chingakoleke?"

Pasipoti anafuna kuseka, koma nsanje ndi mlendo wosakhuta. Um'patse mbale, amayang'ana mphika. Yankho lija analitembenuza uku ndi uku njira yonse yobwerera kunyumba, ndipo mawu akuti ayi sanawapezemo.

Mankhwala anagwira msanga kuposa mmene aliyense ankaganizira. Patangopita masiku ochepa Mphaka anayamba kudziwa anthu, m'mimba munaima, khungu linayamba kusupuka n'kutuluka lina lofiirira pansi pake. Za padenga sankakumbuka chilichonse, ndipo palibe anam'kumbutsa. Chovuta chinali kudya. M'kamwa munali mukadali zilonda, manja ankanjenjemera, supuni inkafika pakamwa ili yopanda kanthu.

Dokotala uja anawaitana awiriwo pafupi ndi bedi. Anati munthuyu akatuluka sangabwerere kukakhala yekha. Afunika wina woti aziona ndi maso kuti wadya, azim'kumbutsa mankhwala, azibwera naye ku gulu la osiya mowa lomwe limakumana pachipatalapo. Akabwerera kumabotolo ake, mkanda uja udzabweranso, ndipo ulendo wachiwiri sakulonjeza kanthu.

"Chipinda chakumbuyo chili chabe," anatero Make Mapasa. Sanayang'ane mwamuna wake. Ankatsegula kontena ya msuzi wa chiwindi ndi mazira ophika.

Pasipoti chipindacho anachimanga yekha, ndipo ankadziwa komwe zenera lake limayang'ana. Limayang'ana pakhonde, pamakina. Iye adzakhala kuntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ana kusukulu, ndipo pakhomo padzatsala telala ndi munthu amene anakana botolo chifukwa cha telalayo. Munthuyo adzanenepa ndi mazira ake, khungu lidzasalala, mwina adzayambiranso kung'ung'udza. Akakana, Mphaka abwerera kuseri kwa sitolo ya matabwa, ndipo zotsatira zake dokotala wanena kale. Pamenepo mkazi wakeyu adzapitiriza kumuikira chakudya patebulo n'kubwerera kumakina mpaka onse atakalamba.

Pasipoti anakanda pakhosi. "Abwere. Nyumba yanga yasungapo alendo ochokera kutali kuposa uyu." Kenako anatambasula dzanja n'kulanda supuni m'manja mwa mkazi wake. "Koma kudyetsa ndidyetsa ine. M'mawa, masana, madzulo. Masana ndizibwera pagalimoto. Kuchipatala ndizibwera naye ine. Akafuna kuyezedwa chilichonse, tepi ndili nayo yanga ya matabwa."

Make Mapasa anapinda milomo, n'kutembenukira kuzenera, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Dokotala anapita pabedi lina.

Pasipoti anakhala m'mphepete mwa bedi, bedi linalira, n'kutunga msuzi wodzaza supuni. Anauzira mwamphamvu moti theka linagwera pabulangete. Supuni inagunda mano a Mphaka, msuzi wina unatsikira pachibwano.

Mphaka anameza movutikira, n'kusuzumira kuseri kwa phewa la mphwake.

"Dzanja lako ndi la hamala, mphwanga. Ukundikhoma. Bwanji andidyetse alamu?"

Pasipoti anasuntha thupi lake lonse, n'kutseka mpata womwe maso aja ankadutsira. Anatunganso msuzi.

"Alamu anu atanganidwa," anatero. "Yasamulani."